Masipoko akumbuyo akungothyoka: ife onenepa tizigula zotani?

Mjintchi_wa_Chitakale:
Akuluakulu a pagulu pano, ndigawireni nzeru. Ine thupi Mulungu anandipatsa, sikelo ya kuchipatala ikumanena 117 kg. Ndimaphunzitsa pa sukulu ina cha ku Likhubula ndipo ndimapalasa kuchokera pa Chitakale. Mumsewu waukulu mulibe vuto, koma ndikakhota kulowera kusukuluko ndi miyala yokhayokha. Njinga yanga ndi yakuda yachikale ija, matayala a 28, mabuleki a ndodo. Vuto ndi gudumu lakumbuyo. Masipoko akungothyoka, ndikaikitsa atsopano pasanapite nthawi ena athyokanso. Limu layamba kuvina mpaka likukhula mabuleki. Chubu nachonso ndi zigamba zokhazokha. Ndalama imene ndasiya kwa okonza njinga bwenzi pano ndili ndi mbuzi m'khola. Ndigule zipangizo zotani zoti zindipirire? Nanga m'kachikwama ndiziyenda ndi chiyani, poti kumene ndimapitako wokonza ali patali? Zoti ndichepetse nsima ndazimva kale kunyumba, musavutike.

Alamu_Anu:
Chabwino nsima tayisiya. Chepetsani kalongonda.

NesiWaKumudzi:
Alamu, munthu wafunsa za masipoko. Komanso munthu wa 117 kg amene akupalasa tsiku ndi tsiku akuchita bwino kuposa inu owonda amene mumakwera kabaza ngakhale popita kukagula machesi. Aphunzitsi, musasiye kupalasa.

KabazaWaMuloza:
Aphunzitsi, 117 si katundu. Ine ndimakweza matumba awiri a chimanga a 50 kg kuchokera kumalire mpaka pa Limbuli, ineyo ndili pachishalo. Mankhwala ake ndi amodzi basi, masipoko onenepa a 12 geji. Timasipoko tobwera ndi njinga tija n'toyendera kutchalitchi.

MakanikoWaLimbuli:
Ndisanayankhe ndifunse kaye aphunzitsi. Akuthyokera pati? Pakati, ku limu, kapena pokhota paja pamene amalowera mu habu?

Mjintchi_wa_Chitakale:
Pokhota pomwepo bambo. Kamutu kamadukiratu, sipoko n'kumangolendewera.

MakanikoWaLimbuli:
Ndimayembekezera yankho limenelo. Sipoko yodukira pakhosi siduka chifukwa cha kulemera kwa tsiku limodzi, imakhala kuti yatopa. Gudumu likamazungulira, masipoko amene afika pansi amakhwefuka pang'ono chifukwa cha katundu, akachokapo n'kukungikanso. Ngati woluka anawakunga mokwanira, kukhwefukako sikufika poti sipoko igwedere. Koma akakhala olobodoka, khosi lija limapindika n'kuwongoka kosawerengeka pa ulendo umodzi, monga mmene ana amadulira waya akamapanga galimoto zawo, kupinda uku, kupinda uku, mpaka thyo. Thupi lanu likungofulumizitsa zimenezo, koma gwero lake ndi kalukidwe.

Ndiye zoika imodziimodzizo musiye. Anzake otsalawo atopa kale, akungodikira tsiku lawo. Gudumu limene lathyola masipoko atatu kapena anayi limasuleni lonse, mugule masipoko atsopano okhaokha, ndipo ngati limu linapindika kale mugulenso lina. Limu lopindika limakakamiza woluka kukunga kwambiri mbali ina n'kusiya ina yofewa kuti lioneke lowongoka, ndipo vuto limayambiranso pomwepo.

Werengani mabowo. Kumbuyo mukhale ndi habu ndi limu za mabowo 40. Mukasowa, 36 ndi yochepetsetsa imene mungalole. Pa kanenepedwe, nambala ikamatsika sipoko imanenepa: 14 geji ndi 2 mm, 13 geji ndi 2.3 mm, 12 geji ndi 2.6 mm. Inuyo 13 ikukwanirani. Mukapeza osachita dzimbiri, a stainless, musawinye ndalama, chifukwa mvula ya kuno ku Mulanje mukuidziwa.

Chachikulu ndi munthu wolukayo. Akamaliza, muwaimbe ndi chala mmodzimmodzi masipokowo. Onse alire mofanana, mokweza. Ikamveka ina yogonthera, imeneyo ndi imene idzayambe kuduka. Awafinyenso awiriawiri ndi manja mwamphamvu kuti akhazikike m'malo mwake, kenako akungenso. Mukayenda sabata imodzi mubwerere akaonenso.

KabazaWaMuloza:
Madala mwalemba bwino koma 13 geji pa msewu wa kwathu kuno sichedwa. Ife timaboola habu ndi dililo kuti 12 ilowe, nkhani n'kutha.

MakanikoWaLimbuli:
Achimwene, mahabu oboolawo ndi amene mumabwera nawo kwa ine atang'ambika m'mphepete. Mukakulitsa bowo mwadya chitsulo chimene chimagwira sipoko. Chinanso, sipoko yonenepa kwambiri siitamuka, ndiye imafuna kukungidwa mwamphamvu zedi kuti isakhwefuke, ndipo limu wamba limayamba kung'aluka m'mabowo lisanafike pamenepo. Mwapulumutsa sipoko n'kupha limu.

KabazaWaMuloza:
Langa silinang'aluke.

Alamu_Anu:
Likumva, lichita manyazi.

Gogo_Humber:
Ana inu zimene akunena amakanikowa si zatsopano. Njinga za Humber ndi Raleigh zimene tinkakwera ife zinkabwera ndi masipoko 32 kutsogolo, 40 kumbuyo, chifukwa opanga ankadziwa kuti katundu wambiri amagwera gudumu lakumbuyo. Akapitawo a m'minda ya tiyi anali anthu a matupi, koma simukanamva zoti sipoko yaduka mwezi ndi mwezi. Yanga ndinaikwera mpaka ana anga anaphunzirira yomweyo, felemu yake ilipobe kuseri kwa nkhokwe. Masiku ano chitsulo chake mukachikanda ndi chikhadabo chimachita ngati chilira. Ndiye aphunzitsi, mukapeza habu yakale yabwinobwino kwa okonza njinga achikulire, musaiderere chifukwa cha dzimbiri la pamwamba. Yang'anani m'kati moyenda timipira tachitsulo ta mabelingi, ngati muli mosalala itengeni.

Anaphiri_a_Nanazi:
Abambo mwalankhula za masipoko, ine ndinene za chubu poti ndine mnzawo wa aphunzitsiwa, sikelo imandipatsa 102 ndisanakweze dengu la nanazi. Aphunzitsi, chubu chikabooka muzichiyang'ana bwino. Ngati pali kabowo kamodzi kumbali yoyang'ana msewu, umenewo ndi munga kapena kabotolo. Koma mukaona timabowo tiwiri toyang'anizana, palibe chakubayani. Ndi limu lanu lomwe latsina chubu pamwala chifukwa mpweya unali wochepa. Ife olemerafe tayala looneka lokhuta likakhala lokha limafwamphuka tikangokhalapo. Kuyesa ndi chala sikuthandiza. Khalani pachishalo, mwana akuonereni ngati tayala likutambasuka pansi.

Ine chimene chinandichotsa pa mzere wa omatitsa ndi pampu yangayanga, yopondera pansi ija, osati kapampu ka m'manja. Ndimapopa m'mawa uliwonse ndisananyamuke. M'mbali mwa tayala amalembamo mpweya umene limalola, pali manambala ndi zilembo za PSI. Lakumbuyo lizifika pafupi ndi nambala yapamwambayo. Ngati bowo lili kumbali ya m'kati, yoyang'ana limu, ndiye kuti mutu wa sipoko ukubaya. Dulani chubu chakale muzungulize m'limumo musanaike chatsopano.

Mjintchi_wa_Chitakale:
Mayi Anaphiri, timabowo tiwirito ndi timene ndikumationa. Ndimapopetsa pa Chitakale Lolemba basi.

Anaphiri_a_Nanazi:
Lolemba mpaka Lachisanu? Ndi vavu ya kampira ija? Mpweya umakhala ukutuluka pang'onopang'ono nthawi yonseyo. Timipira ta vavu tiziyenda nanu m'thumba, timafumbwa msanga ndi dzuwa.

ZamotoBasi:
Nkhani yonseyi bwanji osangogula njinga yamoto? Mphunzitsi wathunthu kumafika m'kalasi thukuta lili kamukamu.

KabazaWaMuloza:
Mafuta atasowa uja ndinakunyamulani angati inu a zamoto, zigubu zili m'manja?

Alamu_Anu:
Osabwerera m'mbuyo aphunzitsi, tcheni pa kalanka!

Admin_Sapitwa:
Alamu, tikudziwa kumene mukulowera. Zandale pagulu pano ayi. Tibwerere ku njinga.

WakuJoni_MJ:
Moni nonse kumudzi. Ine maganizo anga ndi osiyana pang'ono. Aphunzitsi, mukadzapeza ndalama ganizirani mountain bike ya matayala a 26. Gudumu laling'ono limalimba kuposa lalikulu ngati zonse zili zofanana, tayala lake ndi lotambalala ndiye limanyamula mpweya wambiri, ndipo magiya adzakupulumutsani mawondo. Koma musangotola iliyonse ya pa kaunjika. Yang'anani zinthu zitatu.

Limu likhale la double wall, la makoma awiri m'kati, masipoko 36. Zija za timasipoko towerengeka zooneka bwino pa chithunzi si zanu. Kumbuyo kukhale kwa cassette, magiya ongolowetsa pa habu n'kutseka ndi linati, osati fuliwilo ya magiya ambiri yochita kupotokola. Pa fuliwilo yoteroyo mabelingi a kumanja amakhala m'kati kwambiri, kutali ndi pamene ekiselo yagwira felemu, ndiye chigawo chachitali cha ekiselo chimangokhala m'malere. Munthu wolemera akagunda dzenje imapindika kapena kuduka kumene. Pa cassette mabelingi ali kumapeto, ekiselo imapuma. Chachitatu, thawani zija za masipuling'i pakati pa felemu zotsika mtengo. Zimangolemera, ndipo polumikizira pake pamayamba kugwedera.

MakanikoWaLimbuli:
Za ekiselo mwanena zoona achimwene a ku Joni, ndimazisintha kawirikawiri pa njinga za magiya. Koma cassette ikatha aphunzitsiwa akaipeza kuti? Mpaka akwere minibasi ya ku Limbe. Yakuda yachikaleyi chilichonse chake chili pa Chitakale, pa Limbuli, pa Luchenza, ngakhale pa kamsika ka kumudzi. Chitsulo cholimba chimene chilibe sipeya kwanu si cholimba.

MwanaWaChonde:
Pa nkhani ya zochokera ku Joni ndichenjeze anzanga. Achimwene anga ananditumizira matayala awiri abwino zedi olembedwa 28. Kufika kuno akukana kulowa pa limu, ang'ono. Wokonza wina ndi amene anandionetsa kuti ma 28 alipo awiri. Yang'anani timanambala tina tating'ono m'mbalimo. Yathu yachikaleyi ndi 28 x 1 1/2 ndipo pamalembedwa 635. Enawo pamalembedwa 622, ndi a njinga zamakono. Mountain bike ya 26 ndi 559. Mukamatuma munthu muzimuuza nambala imeneyo, osati 28 yokha. Anga ali pa msomali mpaka lero, amene ali ndi limu la 622 andipeze ku inbox.

Admin_Sapitwa:
Malonda ndi Lachisanu, MwanaWaChonde. Koma chenjezolo ndi labwino, likhale.

Thekerani_Boy:
Ine ndine wa ku Thyolo koma ndiloleni. Nonse mukukamba zoti njinga inyamule, palibe amene wanena zoti iime. Kwathu kuno zitunda zake mukuzidziwa, kuchoka ku Makwasa kupita ku Thekerani munthu umatsika mpaka manja kuchita dzanzi. Munthu wa 117 kg pa mtsetse, limu lachitsulo litanyowa ndi chiperoni, mabuleki a ndodo amangoseka kaye asanagwire. Aphunzitsi, mphira za mabuleki muzisintha zisanathe, ndipo mugule zazitali zofewerapo, osati zolimba gwa zija zimangolira. Kukanyowa muziyamba kugwira mabuleki pang'onopang'ono mtsetse usanayambe kuti limu liume. Ndipo limu lovinalo ndi loopsa pa chifukwa chomwechi, chifukwa mumakakamizika kumasula mabuleki kuti lisakhule, ndiye pofuna kuima chogwirira chimafika ku handulo chisanagwire kanthu.

China ndi sipuloketi. Zambiri zimabwera ndi ya mano 18 kumbuyo. Ikani ya 20 kapena 22. Pa tara muziyenda pang'onopang'ono, inde, koma pokwera simudzaimirira pa mapedulo. Kuimirira kuja ndi kumene kumadya makotapini, tizitsulo tomangira kalanka tija, ndi kupinda mapedulo kwa anthu a matupi. Tcheni idzafuna kuwonjezera pang'ono, wokonza aliyense amadziwa.

NesiWaKumudzi:
Bwanji palibe amene watchula Buffalo? Anzathu ambiri oyendera odwala m'midzi akukwera zimenezo. Ndi za bungwe la World Bicycle Relief, anazipangira misewu ngati yathuyi, ndipo kaliyala wake amanyamula mpaka 100 kg. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu March 2023 misewu ina ya m'midzi kuno inasanduka miyala yokhayokha, koma ndimaziona zikudutsa.

Thekerani_Boy:
Ndi zolimba, sindikana. Kungoti zambiri zimene ndaziona buleki yakumbuyo ndi yopalasa chobwerera. Buleki yamtundu umenewo, kaya pa njinga yanji, ili m'kati mwa habu ndiye mvula siyiisokoneza, koma pa mtsetse wautali ndi katundu wolemera habu imatentha. Muziima kaye panjira kuti izizire, ndipo girizi asamasowe.

Mjintchi_wa_Chitakale:
Njinga yatsopano pakadali pano ayi, malipiro athu mukuwadziwa, mwezi umatha pa 10. Ndikonza yomweyi. Nanga za m'kachikwama zija?

KabazaWaMuloza:
Apa ndiye ndiyankhe ine chifukwa ndimagona m'njira. Sipanala ya 15 ya manati a magudumu ndi mapedulo, ya 10 ndi 13 ya mabuleki ndi chishalo, kapena sipanala ya njinga ya mabowo ambiri ija ngati mwapeza yachitsulo chenicheni. Pulaya. Kii ya masipoko yolingana ndi masipoko anuwo, chifukwa yokula imangodya timanati. Masipoko awiri atatu apadera muwamangirire ku felemu ndi mphira. Solushoni, zigamba, kasandipepa, pampu. Zotsegulira tayala ziwiri, osati sikuludilaiva, imeneyo imaboola chubu pobwezera. Kachidutswa ka tayala lakale kotchinga m'kati ngati tayala lang'ambika. Ndi chubu chimodzi chabwino, kuti mvula ikakupezani mungosintha, zomata mukachitire kunyumba.

Pomata anthu amalakwitsa pothamanga. Palani bwino, pakani solushoni wochepa, dikirani aume mpaka asamamatire chala, kenako ikani chigamba n'kutsindira. Mukaika ali wamadzi, chigamba chimasendemuka tayala likatentha, makamaka kwa inu a 117.

Anaphiri_a_Nanazi:
Muwonjezere kansalu ndi kasopo. Munthu akukagwira choko ameneyu.

MakanikoWaLimbuli:
Mndandanda wa achimwenewa ndaulandira, lero tagwirizana. Ndiwonjezere za m'kati zimene sizioneka. Poti gudumu mukulimasula kale, atsegulenso habu. Kumbuyo mumakhala timipira 9 mbali iliyonse, ta kota inchi. Kutsogolo timakhala 10 tocheperako. Tisintheni tonse nthawi imodzi, osasakaniza takale ndi tatsopano, ndipo makoni, manati a pa ekiselo amene timipirato timayendapo, akakhala ndi timaenje asinthidwenso. Ekiselo muigubuduze pa tebulo losalala, yopindika imadziulula yokha. Girizi akhale weniweni. Pomanga, gudumu lizizungulira momasuka koma mukaligwedeza cham'mbali lisagogode. Munthu wolemera akayenda ndi habu yogogoda, mwezi sutha makoni atadyeka.

Paipi ya chishalo nayo. Anthu aatali amaikweza mpaka kutsala kachidutswa m'felemu. Zambiri zili ndi mzere wosonyeza polekezera, mzerewo usaoneke kunja. Ngati ilibe mzere, m'kati mutsale utali wa zala zinayi kapena kuposa. Ndaonapo felemu zong'aluka pamenepo. Chishalo tengani chotambalala cha masipuling'i awiri kumbuyo. Si nkhani ya kukoma kokha, chimachepetsa kugunda kumene kumafika ku gudumu. Ndipo mukaona dzenje kapena mwala muzidzuka pang'ono pachishalo, miyendo ilandire. Mapedulo a pulasitiki asiyeni, tengani achitsulo a mphira aja.

Gogo_Humber:
Tcheni muzithira oyilo wakuda wotsala ku galimoto. Ife tachita zimenezo kuyambira kale.

WakuJoni_MJ:
Agogo pepani, pamenepo ndikutsutsani mwaulemu. Oyilo wakuda ali ndi tizitsulo ta mu injini, ndipo amakoka fumbi. Ndi dothi lofiira la kwathuko amasanduka phala lopala tcheni. Tsukani ndi parafini, iume, muthire kadontho ka oyilo woyera pa pini iliyonse, kenako mupukute kunja konse. Mukafuna kudziwa ngati yatha, yezani ndi rula ya kusukulu komweko. Kuchokera pa pini imodzi kuwerenga mapini 20 kutsogolo, yatsopano imakwana 25.4 cm. Ikafika 25.6 cm yatamuka, isintheni isanadye mano a sipuloketi ndi kalanka.

Gogo_Humber:
Oyilo woyera wogula ndi ma Rand. Ife a kuno wakuda yemweyo, bola tcheni isalire.

Alamu_Anu:
Ine ndimathira mafuta ophikira.

MakanikoWaLimbuli:
Ndiye chifukwa chake tcheni yanu imadzaza nyerere, alamu. Mafuta ophikira amauma n'kukhala ulimbo. Pakati pa awiriwo bola wa agogo.

Mjintchi_wa_Chitakale:
Zikomo nonse, ndalemba m'kope. Mwezi uno ndiyamba ndi gudumu lakumbuyo ndi pampu, sipuloketi ya 20 mwezi wamawa. Bambo a ku Limbuli, ndingabwere Loweruka? Ndigule ndekha masipoko kapena tikagulire limodzi?

MakanikoWaLimbuli:
Bwerani ndi gudumu lonse, musagule kanthu kaye. Kutalika kwa sipoko kumatengera habu ndi limu zimene tasankha, mukagula nokha mutha kubwera ndi aafupi. Mufike m'mawa, kuluka bwino sikufuna munthu woyang'ana wotchi.

KabazaWaMuloza:
Mukadutse pa siteji yathu ndikuonetseni la 12 geji musanapange chiganizo. Mvula ikadzatha tidzafunsane pano kuti laduka ndi la ndani.

Namulondola_22:
Pepani ndalowa mochedwa. Poti amakaniko alipo, pedulo yakumanzere ikukana kumasuka, ndalimbana nayo mpaka sipanala yatseguka kukamwa. Ndithire chiyani?

MakanikoWaLimbuli:
Musathire kanthu, mukuimanga m'malo momasula. Yakumanzere mazinga ake ndi otembenuza. Potokolani molowera kumene imayendera mivi ya wotchi, sipanala ya 15, chogwirira chake chizipita kumbuyo kwa njinga.